Sukulu ya mwana wanga ili m'manja mwa alimi a chimanga

Tsiku loyamba kupita kumsonkhano wa bodi ya sukulu kuno ku Indiana ndinatchena ngati ndaitanidwa kwa DC. Diresi ndinasita, nsapato ndinapukuta mpaka kuwala, ndipo m'galimoto ndinkayeserera mawu oti ndikayankhule pamaso pa akuluakulu. Nditafika ndinachita manyazi ndekha. Msonkhanowo unali m'laibulale ya sukulu ya sekondale, pamipando ya ana, ndipo wapampando anali bambo amene masana a tsiku lomwelo ndinawadutsa pamsewu ali pathirakitala. Anangosintha shati basi, jombo zinali zomwe zija. Pambali pawo panali mayi wogwira ntchito kubanki, namwino wopuma pantchito, mwini galaja ndi ena atatu. Anthu asanu ndi awiri amenewa ndiwo agwira sukulu ya mwana wanga. Kulemba ntchito ndi iwo, kuchotsa ndi iwo, thumba lili kwa iwo.

Ndisanabwere kuno ndinaphunzitsa zaka 9 pasukulu ina ya pulayimale ku Ntcheu. Panopa ndimagwira ntchito yausiku panyumba yosamalira okalamba. Amalawi ambiri kuno ali mumzinda wa South Bend, koma ine ndi bambo a kunyumba tinatsata ntchito ndi lendi yotsika mpaka tinakapezeka m'katawuni kozunguliridwa ndi minda ya chimanga ndi soya mbali zonse. Dzina la katawuniko ndilisunga, chifukwa n'kakang'ono moti nditangokatchula aliyense amene ndimukambe pano adziwika. Dera lathu la sukulu lili ndi pulayimale imodzi ndi sekondale imodzi, ndipo ana onse pamodzi sakwana chikwi. Pasukulu imene ndinkaphunzitsa kwathu, ana a pulayimale imodziyo ankaposa pamenepa.

Chinanditengera kumsonkhanoko ndi kalata imene mzime wanga anabwera nayo m'chikwama. Kalatayo inkati anthu a m'dera lino akakana kuwonjezera msonkho pavoti ya mu Novembala, mabasi ena asiya kuyenda ndipo amayi awiri othandiza ana kuwerenga ntchito iwathera. Mwana wangayu ali mu giredi 3, ndipo mmodzi mwa amayiwo ndi amene amakhala naye m'mawa uliwonse kumutsogolera chala pamizere ya buku. Ndinafuna kukaona ndi maso anga anthu amene angalembe kalata yotere.

Ndiyambe ndi kayendetsedwe kake, chifukwa ndi kamene kanandizunguza mutu zaka zoyamba. Ku America kulibe unduna umodzi umene umatumiza aphunzitsi m'sukulu ndi kuwalipira. Dziko lonse linagawidwa m'madera a sukulu pafupifupi 13,000, ndipo madera ambiri ali ngati timaboma tapadera: ali ndi malire awo, bodi yawo, bajeti yawo ndi mphamvu yotolera msonkho wa malo ndi nyumba. Ku Indiana dera lotere amalitcha school corporation, ndipo alipo pafupifupi 290. Mabodi ambiri amachita kusankhidwa pavoti ndi anthu a m'deralo, aliyense zaka 4. Si ntchito yolemera nayo. Kwa zaka zambiri lamulo linkati membala asalandire kuposa madola 2,000 pachaka, kuphatikizapo kangachepe ka tsiku la msonkhano.

Bodiyo imalemba ntchito munthu mmodzi wodziwa za maphunziro, amene kuno amati superintendent, ndipo iyeyo ndiye amayang'anira ahedi, aphunzitsi, madalaivala a mabasi, ophika ndi osesa. Koma sangagule basi, sangalembe mphunzitsi, sangatseke kalasi popanda bodi kuvomereza pagulu. Malipiro a aphunzitsi amakambirana bodiyo ndi bungwe la aphunzitsi a m'dera lomwelo, n'chifukwa chake aphunzitsi awiri a maphunziro ofanana, mmodzi kuno wina kutsidya kwa msewu, amatha kulandira ndalama zosiyana kwambiri. Boma la Indiana limangoika mizere yoti asaidumphe: masiku a sukulu akhale 180 pachaka, mphunzitsi akhale ndi chiphaso, ana alembe mayeso akutiakuti, ndipo kuyambira mu 2025 malipiro a mphunzitsi asachepere madola 45,000 pachaka. Musathamangire kusintha ndalamayi m'makwacha, abale anga. Mukachotsapo lendi, inshuwalansi ya kuchipatala ndi ngongole ya kukoleji, mphunzitsi wa kuno nayenso amafika pakati pa mwezi akuwerenga masiku.

Chimene ndinachikonda msanga ndi lamulo la mu 1977 lotchedwa Open Door Law. Limati misonkhano ya bodi ichitike poyera ndipo chidziwitso chiperekedwe maola 48 msonkhano usanachitike. Lamulo lina la mu 2022 linawonjezera kuti bodi ya sukulu izipatsa anthu wamba mpata woyankhula. Umalemba dzina papepala pakhomo, akakuitana umaimirira n'kunena zakukhosi, ndipo mlembi amalemba. Usiku umenewo ndinamva bilu iliyonse ikuwerengedwa: dizilo wa mabasi, mkaka wa kukhitchini, kukonza denga la holo. Ndinakumbukira masiku anga a ku Ntcheu. Choko chikatha tinkauza ahedi, ahedi ankauza a PEA, a PEA ankapita nazo kwa a DEM, ndipo kuchoka pamenepo nkhani inkalowera ku Lilongwe kumene palibe mmodzi wa ife ankadziwa nkhope ya woisunga. Komiti ya sukulu tinali nayo, ya anthu odzipereka ndithu, koma mphamvu yake inkathera pa kuumba njerwa ndi kututa mchenga. Kuno munthu amene wakana kugula mabuku umakumana naye pamzere m'sitolo Loweruka, ndipo amadziwa kuti ukumudziwa.

Sindikunena kuti zonsezi n'zokoma. Malo aang'ono ali ndi matenda ake. Aliyense ndi mlamu wa wina. Mphunzitsi wa masewero akakhala mphwake wa membala wa bodi, dandaulo lako limayenda pang'onopang'ono ngati nkhono. Ndipo mu 2025 aphungu a Indiana analola kuti opikisana pamipando ya bodi ya sukulu azilemba chipani chawo papepala lovotera, chinthu chimene kale kunalibe. Ine zimenezi sindigwirizana nazo. Ife amene tinakulira kumene mtundu wa nsalu ya chipani unkatha kusankha mudzi wolandira mjigo tikudziwa kumene njira imeneyi imathera. Denga lodontha lilibe chipani.

Tsono ndalama. Apa ndi pamene pagona nkhani, ndipo ndinachita kupempha mayi wosunga chuma cha dera lathu kuti andifotokozere kawiri.

Kale sukulu za ku Indiana zinkadalira kwambiri msonkho wa malo ndi nyumba. Mu 2008, Mitch Daniels ali bwanamkubwa, anthu atadandaula kuti msonkhowu wakwera mopyola, boma linasintha zinthu. Linakweza msonkho wa pa zogula m'sitolo kuchoka pa 6 kufika pa 7 peresenti, ndipo kuyambira mu 2009 linatenga udindo wopereka ndalama zophunzitsira. Linaikanso malire pa msonkho wa malo: nyumba imene mwini wake akukhalamo isalipire kuposa 1 peresenti ya mtengo wake pachaka, nyumba za lendi ndi minda 2 peresenti, mabizinesi 3 peresenti. Mu 2010 anthu anavota kuti malire amenewa alowe m'malamulo aakulu a Indiana, kutanthauza kuti kuwachotsa si ntchito yamasewera.

Choncho lero dera ngati lathu lili ndi matumba awiri akuluakulu. Thumba loyamba ndi la maphunziro, lolipira aphunzitsi ndi zonse za m'kalasi, ndipo ndalama zake zimachokera ku Indianapolis. Thumba lachiwiri ndi loyendetsera sukulu: mabasi, magetsi, moto wotenthetsa makalasi m'nyengo yachisanu, kukonza zowonongeka. Limeneli limadzazidwa ndi msonkho wa malo a m'dera lomwelo. Ngongole zomangira nyumba za sukulu nazonso zimabwezedwa ndi msonkho wa malo. Boma lalikulu la ku Washington limangothirapo pang'ono, kawirikawiri ngati gawo limodzi mwa magawo 10, makamaka zothandizira ana ochokera m'mabanja osauka, ana olumala ndi chakudya cha masana. Anthu ambiri kwathu amaganiza kuti pulezidenti wa America ndiye amadyetsa sukulu. Ayi ndithu, mwini munda wa soya wa kuseri kwa nyumba yathu ali ndi mawu ambiri pa basi ya mwana wanga kuposa White House.

Ndalama za ku Indianapolis zimabwera powerenga mitu. Mwana aliyense amabweretsa madola oposa 6,000 pachaka, ndipo pamakhala zowonjezera ngati akuchokera m'banja lolandira thandizo la boma, ngati ali ndi ulumali kapena ngati akuphunzira ntchito zamanja. Kuwerengako kumachitika kawiri pachaka, kumayambiriro kwa Okutobala ndi mu Febuluwale. Banja limodzi la ana anayi likasamuka tsikulo lisanafike, ndalama zoposa theka la malipiro a mphunzitsi zapita. Vuto lake n'lakuti ana anayiwo sachoka m'kalasi imodzi. Mmodzi achoka mu giredi 1, wina mu giredi 4, wina kusekondale. Palibe kalasi imene ungatseke, palibe basi imene ungaimike, moto uyakabe chimodzimodzi. Ndalama zatsika koma zolipira zili pomwepo.

Ndipo ana sachoka chifukwa chosamuka kokha. Ku Indiana kholo likhoza kutumiza mwana kusukulu ya dera lina, ndalama n'kumutsatira. Kuyambira mu 2011 boma limaperekanso ndalama zoti mwana akaphunzire kusukulu yoyima payokha, zambiri mwa izo za mipingo, ndipo chaka ndi chaka aphungu akhala akukulitsa chiwerengero cha mabanja oyenera kulandira. Palinso sukulu za pa intaneti zimene mwana amaphunzira ali pakama. N'chifukwa chake m'misewu ya kuno mumaona zikwangwani za sukulu za boma zikudzitsatsa ngati sopo. Nditaona koyamba ndinaseka. Ku Ntcheu tinkapemphera kuti ana achepe m'kalasi, chifukwa chiyambire sukulu yaulere mu 1994 ana anasefukira mpaka ena pansi pa mtengo. Kuno ahedi amapemphera kuti abwere.

Matumba awiriwa akaperewera, bodi imatsala ndi khomo limodzi: kupita kwa anthu kukapempha. Amati riferendamu, liwu limene kwa ine limanunkhirabe Juni wa 1993, nyali ndi tambala wakuda. Kuno riferendamu ndi funso limodzi papepala lovotera: kodi mukulola kuti msonkho wa malo ukwere ndi mwakuti kwa zaka zosaposa 8 kuti sukulu ipeze ndalama? Msonkho umenewu suwerengedwa m'malire aja a 1, 2 ndi 3 peresenti, umakwera pamwamba pake. Lamulo la msonkho la mu 2025, limene bwanamkubwa Mike Braun anasaina mu Epulo chaka chimenecho, linapatsa eni nyumba mpumulo wofika madola 300 pachaka, koma ndalama zimenezo ndi zomwe zikanapita kusukulu, kumakhonsolo ndi kumalaibulale. Linanenanso kuti mafunso otere azifunsidwa pachisankho chachikulu cha mu Novembala chokha, chimene chimabwera kamodzi pa zaka ziwiri. Ukalephera, udikire.

Usiku wa msonkhano uja, ataitana anthu kuti ayankhule, anaimirira bambo wachikulire wa chipewa cha kampani ya mbewu. Ndinkayembekeza munthu wouma mtima, ndipo ndinali nditakonzeka kudana nawo. Anayankhula modekha. Anati ana awo anamaliza sukulu kalekale, zidzukulu zili ku Texas, koma chifukwa ali ndi minda yambiri, msonkho watsopanowu udzawagwera iwo kuposa khumi a m'tawuni ataphatikizana. Anati mtengo wa chimanga watsika, feteleza wakwera, ndipo munda sulipira msonkho malinga ndi zimene wakolola koma malinga ndi mtengo umene boma lauikira. Anafunsa kuti n'chifukwa chiyani dera la ana osakwana chikwi likhale ndi superintendent wakewake, wosunga chuma wakewake ndi galaja yakeyake ya mabasi, pomwe makilomita ochepa chabe kuchoka pano kuli dera lina lokhala ndi zonsezo.

Ndinakhala chete. Mwana wa mlimi ndine, ndipo mawu akuti feteleza wakwera sindifuna womasulira. Kwathu timati mwana wa mnzako ngwako yemwe, koma mwambiwo sunena kuti bilu ikabwera agawane bwanji.

Atakhala pansi anaimirira dalaivala wa basi, mayi amene amanyamula mwana wanga. Anati basi yawo imayamba kutola ana kusanache, ndipo akaphatikiza njira ziwiri, kamwana ka zaka 5 ka kumapeto kwa dera kazikhala m'basi nthawi yoposa ola kupita kokha. M'nyengo yachisanu kuno dzuwa limachedwa kutuluka, msewu umachita galasi, ndipo kuzizira kwake kumapha. Palibe mwana angayende wapansi ngati mmene tinkachitira ife podutsa m'madimba. Ndinadzamva pambuyo pake kuti mu 2015 khoti lalikulu la Indiana linagamula, pamlandu wochokera ku Franklin Township, kuti malamulo aakulu a Indiana sakakamiza sukulu kupereka basi. Basi yachikasu imene timaiona m'mafilimu ija si ufulu wa mwana. Imayenda chifukwa anthu a m'deralo akulipira.

Dzina langa linali lachisanu papepala. Zonse zimene ndinayeserera m'galimoto zinauluka. Ndinangoti ndine mayi wa mwana wa giredi 3, ndinaphunzitsapo kalasi ya ana oposa 100 ndekha, ndipo ndikudziwa mmene mwana amasowera m'gulu popanda womuona. Ndinati mwana wanga wayamba kuwerenga chifukwa pali munthu amene amakhala naye mphindi 20 patsiku. Ndinathokoza n'kukhala pansi, miyendo ikunjenjemera.

Kodi sukuluyi ikuchita bwino kuti anthu ailipirire? Funso limeneli ndi lovuta kuposa mmene zikwangwani za mbali zonse ziwiri zikunenera.

Ku Indiana ana a giredi 3 mpaka 8 amalemba mayeso otchedwa ILEARN, amene anayamba mu 2019. Ndi ovuta ndithu: m'zaka zapitazi, mwa ana 10 alionse mu Indiana yense, atatu okha ndi amene akhala akukhoza Chingerezi ndi masamu zonse ziwiri. Palinso mayeso a kuwerenga otchedwa IREAD, ndipo amenewa ndi amene akundisowetsa tulo. Lamulo la mu 2024 linati ana ayambe kuwalemba ali mu giredi 2, ndipo mwana amene wafika kumapeto kwa giredi 3 osakhoza, ngakhale atabwereza m'nyengo ya tchuthi, abwereze kalasi. Pali ena amene lamulo limawakhululukira, monga ongofika kumene m'dziko muno amene sanaphunzire Chingerezi zaka ziwiri, koma wanga sali m'gulu limenelo. Mu 2024 ana 82.5 pa 100 alionse anakhoza, mu 2025 anafika 87.3, ndipo boma likufuna 95 pofika 2027. Mwana wanga analemba ali mu giredi 2 ndipo anaperewera pang'ono. Kubwereza kalasi kwathu sinali nkhani. Ena tinkabwereza Sitandade 8 dala kuti tisankhidwe kusekondale ya boma. Kuno mwana wobwereza amaonekera ngati mbuzi yoyera m'khola la zakuda, makamaka m'sukulu imene aliyense amadziwa aliyense.

Manambala a dera laling'ono amafunika kuwawerenga mosamala. Ngati giredi yonse ili ndi ana 50, mwana mmodzi ndi 2 peresenti. Ana atatu akadwala chimfine sabata ya mayeso, nyuzipepala ilemba kuti sukulu yatsika ndi 6 peresenti, ndipo chaka chotsatira ilemba kuti yachita zodabwitsa. Chimene ndaona ndi maso n'chakuti pulayimale yathu ndi yabwino. Aphunzitsi amadziwa mwana aliyense ndi dzina, amadziwa kwawo, amadziwa ngati wabwera osadya. Mwana akajomba masiku awiri foni imalira. Pomaliza sekondale, pamene Indiana yense mu 2024 anali pa ana pafupifupi 90 mwa 100, kwathu kuno osamaliza amawerengeka ndi zala, ndipo ahedi amatha kukuuza aliyense kumene ali.

Kusekondale ndiye kuli mabala. Chisamba wanga, amene ali mu giredi 11, amafuna kudzakhala injiniya. Mphunzitsi wa physics anachoka kupita kudera lalikulu kumene amalipira bwino, ndipo chaka chonse ana anaphunzira phunzirolo pakompyuta, m'chipinda mokhala woyang'anira amene sankatha kuyankha funso. Chilankhulo chakunja chilipo chimodzi basi. Masamu apamwamba amaphunzitsidwa ngati ana ofuna akwana. Sukulu imayesetsa kutseka mipata potumiza ana kukatenga maphunziro ena ku koleji ya Ivy Tech akadali kusekondale, ndipo zimathandiza, koma si zofanana ndi kukhala ndi mphunzitsi pakhomo. Aphunzitsi achinyamata amabwera, amaphunzira ntchito zaka ziwiri kapena zitatu, akakhwima n'kupita. Zimandikumbutsa sukulu za kumudzi kwathu zimene mphunzitsi amafikira ali kale ndi kalata yopempha transifa m'thumba.

Bambo a chipewa aja sanali okha pa maganizo awo. Mu 2017 akatswiri a pa yunivesite ya Ball State, atapemphedwa ndi bungwe la amalonda la Indiana Chamber of Commerce, anatulutsa kafukufuku wosonyeza kuti madera a ana osakwana 2,000 amatsalira pa zinthu monga mayeso olowera kukoleji ndi maphunziro apamwamba a masamu ndi sayansi. Madera oposa theka a ku Indiana ndi aang'ono chotero. Bungwelo lakhala likulimbikitsa kuti aziphatikizana. Nkhaniyi si yatsopano. Cha m'ma 1940 America inali ndi madera a sukulu oposa 100,000. Ku Indiana lamulo la mu 1959 linaphatikiza madera amene panthawiyo ankaposa 900, ndipo okalamba amene ndimawasamalira usiku amakumbukabe mkwiyo wa masiku amenewo ngati zachitika dzulo. Gogo wina, amene amaiwala dzina langa tsiku lililonse, saiwala mtundu wa yunifolomu ya timu ya sukulu yawo imene inatsekedwa.

Kuti mumvetse mkwiyowo muyenera kudziwa za basketball. Mu 1954 sukulu ya sekondale ya Milan, ya ana 161 okha, inagonjetsa sukulu yaikulu ya Muncie Central ndi zigoli 32 kwa 30 n'kutenga chikho cha Indiana yense. Filimu ya Hoosiers ya mu 1986 inachokera pa nkhani imeneyi, ndipo palibe katawuni kuno kamene sikadziona m'menemo. Lachisanu usiku m'nyengo yachisanu tawuni yonse imakhala m'holo ya sukulu. Banki inatseka nthambi yake, fakitale inasamuka, sitolo yaikulu ili kutali. Chatsala ndi sukulu, imenenso ndiyo imalemba ntchito anthu ambiri kuposa wina aliyense m'deralo. Ukauza anthu otere kuti aphatikizane ndi adani awo a pamasewero, amamva ngati ukuwauza kuti afufute dzina la mudzi.

Ndipo mantha awo ali ndi maziko. Kum'mawa kwa Indiana, m'katawuni ka Modoc m'boma la Randolph, kuli dera lotchedwa Union School Corporation. Ana obwera m'makalasi ake ndi mazana ochepa chabe. Pofuna kudzipulumutsa, deralo linagwirizana ndi kampani yophunzitsa pa intaneti n'kulembetsa ana masauzande ochokera mu Indiana yense, ndalama zawo n'kumadutsira m'mabuku ake. Mu 2025 aphungu analowetsa ndime m'lamulo la msonkho lija yonena kuti deralo lithetsedwe mu 2027 ndipo malo ake agawidwe kwa madera oyandikana nalo. Ochirikiza ndimeyo ankaloza zotsatira zofooka za mayeso. A deralo anati aweruzidwa osamvedwa ndipo anakasuma kukhoti. Kaya wolakwa ndani, mabodi onse aang'ono anatolapo phunziro limodzi: mphamvu zawo zonse zija n'zobwereka. Amene anazipereka ku Indianapolis akhoza kuzilanda ndi ndime imodzi.

Ine maganizo anga ali pakati, ndipo sindichita nazo manyazi. Ndikuona kuti madera awiri oyandikana akhoza kugawana superintendent mmodzi, galaja imodzi ndi mphunzitsi mmodzi wa physics popanda kutseka pulayimale ya aliyense. Ndikuonanso kuti si chilungamo kuti kuwerenga kwa mwana kudalire mtengo wa minda yomuzungulira, chifukwa dera la nyumba zodula limatolera zambiri ndi msonkho wochepa pomwe dera losauka limafinya anthu ake n'kupeza zochepa. Koma zimenezo ndi nkhondo za zaka. Mayeso a mwana wanga ali mu Malichi.

Chopweteka n'chakuti pavotiyi ine ndilibe mawu. Sindine nzika ya dziko lino, choncho sindivota. Msonkho ndimalipira ndithu, chifukwa eni nyumba imene timakhala amauika mu lendi, ndipo anatiuza kale kuti funsoli likadutsa tiyembekezere kalata. Ndiye ndikupempha anthu kuti avotere chinthu chimene chidzandikwezere lendi, ndipo amene adzagamule za mwana wanga ambiri alibe mwana pasukulupo. Ndachita zimene ndingathe. Ndinapempha chikwangwani n'kuchizika pakapinga kutsogolo kwa nyumba. Loweruka lapitali ndinayenda khomo ndi khomo ndi amayi ena awiri, ndikuchokera kuntchito osagona. Ena anatilandira, ena anayankhulira pazenera, mmodzi anandifunsa kumene ndinachokera ndipo nditati Malawi anati sanamvepo.

Khomo lomaliza linali la bambo a chipewa aja. Tinawapeza akutsika pa makina okololera, fumbi la chimanga lili thupi lonse. Anandizindikira. Anati, "Ndinu mayi a ana 100 aja." Tinacheza nthawi yaitali, kwambiri za chimanga: anadabwa kumva kuti kwathu timalima choyera, timakolola ndi manja ndipo timadya tokha m'malo mopatsa ng'ombe ndi nkhumba. Anandifunsa kuti thumba la feteleza likugulidwa bwanji ku Malawi. Za voti sanalonjeze kanthu, ndipo ine sindinawakakamize. Potsazikana anandifunsa dzina la buku limene mwana wanga akuwerenga panopa, ndipo ndinachita kuimba foni kunyumba kuti ndimufunse mwini wake.